Mbale ya Gavril

Gavril Olaru anaphedwa ndi anyamata a Costache Tanasa, mwini macheka a kumunsi kwa mudzi. Amene anawanyamula anyamatawo pa lole kupita nawo kunkhalango ndi Pintilie, mlamu wake wa Costache yemweyo, wachiwiri kwa meya wathu. Mlandu wa Gavril unali umodzi: anawapeza akugwetsa paini m'gawo la nkhalango limene anamusiyira bambo ake, ndipo m'malo motembenuka ngati sanaone, anatulutsa foni kuti ajambule lole. Anamumenya ndi mipini ya nkhwangwa dzuwa likuswa mtengo. Anafika kunyumba pangolo ya munthu wodutsa, anamuuza mkazi wake Zamfira mayina onse mmodzimmodzi, n'kukafera kuchipatala cha kutauni.

Apolisi analemba kuti unamugwera mtengo.

Mtengo! Mtengo wanji womenya munthu kumsana ndi kumaso nthawi imodzi? Mtengo wanji wothyola zala za manja onse awiri n'kutenga foni? Zamfira ndi amene anasambitsa mtembo. Anaona chidendene cha jombo chitadindika panthiti. Kaya kwanuko, koma kwathu kuno mitengo sivala jombo.

Anapita kupolisi, anamuuza kuti nkhani inatsekedwa. Anakwera basi kukaonana ndi woimira boma pamilandu kutauni, anamufunsa mboni, ndipo mboni zonse zinali zitachita khungu tsiku limenelo. Wansembe anati asiyire Mulungu. Mwana wake wamkazi, amene mwamuna wake ankagwira ntchito ku macheka komweko, anamugwira mwendo: "Amayi, chonde, tili ndi ana. Mukalankhula tidya chiyani?" Ndiye Zamfira anavala zakuda, namanga mpango pachibwano, n'kumeza mawu. Mawuwo sanagayike. Chipale chofewa chinagwa n'kusungunuka, udzu unamera pamanda, mawu ali gwa m'mimba ngati mwala. Chimene ankafuna sichinali chachikulu: munthu mmodzi wa boma akhale pansi, amve, alembe kuti Gavril anamenyedwa.

Tsiku lina Lachisanu, mnansi wake Saveta anamuitana pampanda.

"Zamfira! Wamva? Kwabwera mtsikana wa boma, wa ku likulu, ku Bukaresti. Akufunsa za akuba ndi omenya anthu."

"Wapolisi?"

"Ayi, wa mafunso chabe. Akuti boma likufuna kudzafunsa dziko lonse kuti ndani anaberedwa, ndani anamenyedwa, chifukwa ambiri sakanena kupolisi. Koma liyambe layesa mafunsowo, lione ngati ife mbuli tikuwamva. Chilolezo ali nacho, chidindo chachikulu ngati chiboda cha kavalo."

"Kuyesa mafunso? Ngati nsapato?"

"Ngati nsapato, mwali. Ikupana pati, ikukhwepa pati."

"Nanga kwanga afika liti?"

Saveta anaseka mpaka kutsokomola. "Kwako? Nyumba wasankha ndi Pintilie, mayi iwe, ndipo akumuperekeza yekha. Kwa aphunzitsi opuma aja, kwa mlongo wake wa meya, kwa agogo ogontha a kumlatho. Mawa kwa ine, poti lilime langa ndi la uchi."

"Lilime lako ndi la mantha."

"La mantha lomwelo landisungira mano m'kamwa mpaka lero," anatero Saveta, n'kubwerera ku nkhuku zake.

Zamfira anaima pampandapo kanthawi. Popita kwa Saveta, msewu ndi umodzi, ndipo umadutsa pachipata cha Zamfira. Tsono mawa lake linali Loweruka la akufa.

Tsiku limeneli aliyense amene ali ndi wake kumanda amagula mbale zatsopano, kuikamo tirigu wophika ndi uchi, buledi wopota ndi kandulo woyaka, n'kumapatsa odutsa m'dzina la wakufayo. Mbale ya akufa sakana. Ngakhale akupatse mdani wako, umalandira ndi manja awiri, kunena kuti "Mulungu amulandire," kudya, mbale n'kupita nayo kwanu. Ukakana, wamumana wakufayo chakudya kumene aliko. Mwana wamng'ono amadziwa zimenezi. Zamfira anali atagula kale mbale zake zamaluwa abuluu. Anapatula ziwiri.

Mtsikana wa boma uja ndi Pintilie anabwera cha m'mawa, azimayi akuchokera kumanda ndi madengu awo. Mtsikanayo anali wowonda, wovala buluku, chikwama kumsana. Pintilie ankayenda mbali ya kumtsinje, akumukankhira mlendoyo ndi nkhani kuti asayang'ane chipata cha Zamfira. Zamfira anatuluka, mbale kudzanja ili, mbale kudzanja ilo, n'kuima pakati pa msewu.

"Ya mzimu wa Gavril," anatero, akupereka kwa mtsikanayo.

Wa mutauni ndi wa mutauni, koma agogo ake anamulera bwino. Anapanira mapepala m'khwapa, nalandira ndi manja awiri. "Mulungu amulandire, mayi."

"Ya mzimu wa Gavril, bwana wachiwiri."

Manja a Pintilie anali m'matumba. Anayang'ana kumtsinje, anayang'ana nsapato zake. Azimayi a madengu anali ataima, maso onse pa iye. Manja anatuluka okha m'matumba. Anang'ung'udza kenakake.

"Sindinamve, bwana. Makutu anga akalamba."

"Mulungu amulandire," anatero Pintilie, nkhope ili psu ngati nyama yapamoto.

"Eya. Tsono chakudya cha akufa sadyera pamsewu ngati galu. Lowa, mwanawe, ukhale pampando. Mafunso ako aja undifunsire komweko."

"Mayi Corina, mayiwa sali pa nyumba zimene tinakonza," Pintilie anafulumira. "Komanso mutu wawo, chimwalirireni bambo, mukudziwa..."

"Mutu wanga uli pakhosi pomwe unali."

Corina, ndilo linali dzina la mtsikanayo, anayang'ana mayi wovala zakuda, nayang'ana mwamuna wotuluka thukuta. "Chilolezo changa sichitchula mayina, a Pintilie. Chimangoti anthu a m'mudzi, amisinkhu yosiyanasiyana. Kunena zoona, dzulo lonse ndafunsa anthu oti sanaberedwepo ngakhale dzira. Funso la kumenyedwa ndiliyesa bwanji pa anthu otero?"

"Ndiye tilowe tonse."

"Inu ayi. Lamulo lathu ndi loti wofunsidwa akhale yekha. Mundidikire pano."

Motero wachiwiri kwa meya anatsala pachipata, mbale ya Gavril m'manja, kandulo ukuyaka pansi pa chibwano chake.

M'nyumba Corina anadya masupuni awiri a tirigu, napukuta pakamwa, naika kamakina kojambula mawu patebulo. Anatulutsa pepala lachidindo kuti Zamfira awerenge.

"Werenga iwe. Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, zilembo za boma zimandiluma m'maso."

Corina anawerenga. Kuyankha n'kwaufulu. Atha kusiya nthawi iliyonse. Kenaka anafika apa: "Sitikuyesa inu, tikuyesa mafunso. Choncho mukamva funso, chilichonse chimene chikubwera m'mutu mwanu, chineneni mokweza, musabise kanthu."

"Bwereza."

Corina anabwereza.

"Chilichonse?"

"Chilichonse, mayi. Ndi mmene timadziwira pamene funso likusokoneza."

"Mokweza?"

"Mokweza."

"Ndipo wanena zimenezi ndi boma?"

"Chidindo ndi ichi."

Zamfira anachikhudza chidindocho ndi chala. Miyezi yonseyi wapolisi, wansembe, mwana wake wobereka yekha, onse akuti khalani chete. Lero boma lenilenilo, la ku Bukaresti, lamulowera m'nyumba ndi chidindo kudzamuuza kuti alankhule mokweza. Anasaina dzina lake pang'onopang'ono, zilembo zazikulu ngati za pamtanda. Kenaka ananyamuka.

"Muno mwatentha," anatero, n'kutsegula zenera loyang'ana kumsewu, mbali zonse ziwiri.

Funso loyamba linali la kuberedwa m'miyezi khumi ndi iwiri yapitayo. Zamfira anati m'mutu mwake mukubwera paini za apongozi ake, koma sakudziwa ngati boma limati kuba munthu akabwera ndi lole masana. Corina analemba kenakake. Funso lachiwiri linali la kuthyoleredwa nyumba. Anati ayi, m'nyumba muno mulibe chothyolera. Kenaka Corina anawerenga lachitatu, ndi mawu ake ofatsa a kusukulu:

"M'miyezi khumi ndi iwiri yapitayi, kodi inuyo, kapena wina amene mukukhala naye m'nyumba muno, anamenyedwapo kapena kuvulazidwa ndi munthu wina?"

Zamfira anatembenuzira mpando kuzenera.

"Chikubwera m'mutu mwanga ndi ichi," anatero, ndi mawu amene amaitanira ng'ombe kuphiri. "Amene ndikukhala naye m'nyumba muno ndi mphaka, ndipo mphaka sanamenyedwe. Amene ndinkakhala naye zaka zanga zonse ndi Gavril Olaru, ndipo sindikukhalanso naye chifukwa anamumenya mpaka kufa! Chikubwera m'mutu mwanga ndi anyamata a Costache Tanasa, ndi mipini yawo ya nkhwangwa!"

"Mayi, chonde, izi ndi zachinsinsi..." Corina ananyamuka kuti atseke zenera.

"Khala pansi, mwanawe. Chinsinsi ndi chako, usunge iwe. Ine pepala lati mokweza." Anawatchula anyamatawo mayina mmodzimmodzi, monga anamuuzira Gavril ndi milomo yotupa, natchula ndi amayi awo omwe kuti pasakhale wosokoneza. "Ndipo chikubweranso m'mutu mwanga ndi amene anayendetsa lole, amene anakhala pachitsa akusuta fodya mwamuna wanga akukuwa. Ali pachipata panga pano, wanyamula mbale ya munthu amene anamuonerera akuphedwa! Idyani, a Pintilie! Tirigu ndaphika ndekha, uchi ndi wa njuchi za Gavril. Idyani, akukuonani!"

Kunja kunali zii. Ngakhale agalu a kwa Saveta anasiya kuuwa.

Zamfira anapuma mwamphamvu, napukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango. Mwala uja m'mimba unali utasuntha. "Walemba?"

Corina anazimitsa kamakina kaja. Sanali mtsikana wabodza, zimenezo timupatse.

"Mayi Zamfira, ndikuuzeni zoona, musadzanditukwane m'tsogolo. Zimene mwanenazi sizipita kukhoti. Mayina onse ndiyenera kufufuta, lanu lomwe. Mawu ali m'kamakinamu tikawamvetsera timawafafaniza. Komanso mayankho a lero sawerengedwa n'komwe. Uku n'kuyesa chabe."

"Ndiye wadzatani m'nyumba mwanga? Kudzadya tirigu?"

"Chimene ndingalembe n'choti funsoli lili ndi bowo. Likufunsa za okhala m'nyumba lero. Amene anamwalira alibe polowera."

"Ndiye ndiyankhe chiyani pa funso lako? Eya kapena ayi?"

Corina anayang'ana pepala. "Mmene lililimu, ayi."

"Ayi! M'nyumba ya Gavril Olaru simunamenyedwe munthu!"

"Ku ofesi tinakanganapo kale, mayi, sikuti sitinaone. Akuluakulu anati kafukufuku ndi wa amoyo. Ophedwa amawerengedwa ndi apolisi."

"Apolisi a mtengo aja?"

Zamfira anagogoda pepalalo ndi chala.

"Ndiye womenyedwa pang'ono ali pa pepala lako, womenyedwa mpaka kufa palibe. Ukamuuze Costache zimenezo, akondwa. Akafuna kuti mudzi uzioneka wamtendere, azingomaliza ntchito."

"Mawu amenewo ndiwalemba mmene mwanenera, popanda mayina. Ndikawerenga pamaso pa akuluakuluwo. Koma kusintha funso kumafuna chilolezo china, ndipo chilolezo chimayenda ngati nkhono. Sindikulonjezani kanthu."

"Sindinakupemphe lonjezo. Malonjezo ndili nawo odzaza nkhokwe. Lemba, ndikuone ukulemba."

Corina analemba tsamba lonse, Zamfira ataima kumbuyo kwake ngati mphunzitsi, ngakhale zilembozo sankaziona bwino. Atamaliza, Zamfira anamukulungira mbale ija m'kansalu. "Tenga. Ndi yako tsopano. Ukadyeremo ku Bukaresti, uzikumbukira kuti mwini wake anali ndi dzina."

Atatuluka anapeza msewu wadzaza. Azimayi a madengu, amuna ochokera kokamwa, onse ataima patali pang'ono ngati pali njoka. Pintilie panalibe. Mbale ya Gavril inali pamwamba pa nsanamira ya chipata, buledi wosanyema, tirigu wosakhudza, kandulo ukuyakabe.

"Sanadye," anatero Saveta, mawu ali pansi. Kenaka, kaya chinamulowa n'chiyani mayi wamantha uja, anabwereza mokweza kuti amve a kumbuyo: "Sanadye! Anainyamula kufika nayo pakamwa, dzanja linakana!"

Agogo ena anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Kwathu kuno munthu atha kunama kupolisi, atha kunama kukhoti atagwira Buku Lopatulika. Koma kulephera kumeza chakudya cha wakufa, pamaso pa mudzi wonse, Loweruka la akufa, palibe amene amafunsanso kuti zikutanthauza chiyani. Pintilie akanangodya masupuni awiri, akanati mayiyo ndi wamisala, ena akanamukhulupirira. Koma ndi mwana wa mudzi uno. Anasiya mbale pansanamira n'kuchoka.

"Ndikuchotsere?" anafunsa Saveta.

"Usaikhudze. Si yanga, si yako. Amene anailandira adzaitenge."

Inakhala pomwepo. Mbalame zinadya tirigu, mvula inatsuka mbale, Zamfira anaikhomerera ndi misomali iwiri m'mbali kuti mphepo isaigwetse. Aliyense wopita kutchalitchi, kusitolo, ku macheka, amadutsa pansi pake.

Musaganize kuti zinatha bwino. Mkamwini wake anachotsedwa ntchito sabata yomweyo, ndipo mwana wake wamkazi anatha chilimwe chonse osaponda pakhomo. Ogulitsa nkhuni anayamba kudutsa chipata chake ngati palibe nyumba, moti nyengo yozizira inamupeza akutola tinthambi m'mbali mwa mtsinje ngati wopempha. Costache akuchekabe matabwa. Pintilie akadali wachiwiri kwa meya, kungoti popita ku ofesi amazungulira njira ya kumlatho, ndipo Loweruka la akufa lililonse amabwerera kwawo manja ali lende, palibe womupatsa mbale. Chaka cha maliro chitakwana, wansembe anamuuza Zamfira kuti tsopano atha kuvula zakuda. Iye anati adzavula boma likadzavula bodza lake.

Panapita zaka ziwiri. Kenaka kunabwera mnyamata wina ndi kakompyuta ka m'manja, ndi mafunso omalizidwa, ovomerezedwa, a dziko lonse. Ulendo uno nyumba sanasankhe Pintilie, anasankha makina, ndipo makinawo anagwera kwa Saveta. Mnyamatayo asanafike n'kuchipata komwe potuluka, Saveta anali kale pampanda.

"Zamfira! Tuluka! Aliika!"

"Aika chiyani?"

"Funso lako! Akufunsa kuti, kodi alipo wa m'nyumba muno amene anamwalira atamenyedwa kapena kuvulazidwa ndi munthu, ngakhale apolisi atalemba zina. Ngakhale apolisi atalemba zina, mwali! Kamtsikana kowonda kaja sikananame!"

Zamfira anatuluka ndi ufa m'manja, namuimitsa mnyamatayo pansi pa mbale ija. "Mwanawe, ndifunse funso la akufa."

"Nyumba yanu sinasankhidwe, mayi."

"Ndasankha ine. Werenga."

Mnyamatayo anaona nkhope yake, nawerenga. Funso linalipodi, mawu ake omveka bwino, oti ndi wa kalasi yachinayi yemwe sangaphonye. Koma linayamba monga amayambira onse: m'miyezi khumi ndi iwiri yapitayi.

"Anamwalira liti bambowo?" anafunsa mnyamatayo mwaulemu.

Zamfira anamuuza.

"Pepani, mayi. Ndi kale kwambiri. Makinawa salola."

Chilolezo chinayenda ngati nkhono, monga ananenera Corina, ndipo pofika chinapeza Gavril atatsalira kumbuyo. Khomo la akufa m'funsomo anaboola ndi mkazi wake, ndi pakamwa pake, nalipira ndi ntchito ya mkamwini ndi kuzizidwa kwa mafupa ake. Adzalowerapo akufa a eni ake. Gavril yekha ayi.

Zamfira sanalire. Analoza mbale pansanamira. "Ukuiona iyo? Imeneyo ilibe malire a miyezi khumi ndi iwiri. Pita, mwanawe, ukafunse amoyo."

Mpaka lero akadali m'zakuda, ndipo m'mabuku onse a boma Gavril Olaru ndi munthu amene unamugwera mtengo. Tsono inu amene mwawerenga izi, inu odziwa zilembo zazing'ono, mwina ena mwa inu ndi amene mumadinda zilolezozo: mayiyu wafunsa wapolisi, wafunsa wansembe, wafunsa makina, tsopano akufunsa inu. Mwamuna wake alembedwe pati? Ndani atenge cholembera afufute mtengo uja, alembe mipini ya nkhwangwa? Musayang'ane kumtsinje ngati Pintilie. Mbale mwalandira kale, ili m'manja mwanu. Muyankheni Zamfira, ndipo muyankhe mokweza.